Laputopu ikulira yokha, kodi akundizonda?

Anesi,

Ndine mayi wa zaka 36, ndili ndi ana atatu ndipo ndimakhala ku Kande m'boma la Nkhata Bay. Amuna anga ali ku Joni, chino ndi chaka chachisanu. Ine kuno ndimagulitsa usipa komanso ndine mlembi wa gulu lathu la banki m'khonde la amayi 22.

Chaka chatha bambo a kunyumbawo ananditumizira laputopu yakaunjika kuti ndizisungiramo mawerengero a gulu ndi a geni yanga. Inkagwira bwinobwino. Miyezi iwiri yapitayo mlamu wanga, mng'ono wawo wa amuna angawo, anaitenga kupita nayo ku Mzuzu ati akaikitsemo mapulogalamu, mafilimu ndi magemu a ana. Chibwerereni kumeneko, laputopu ija si ija. Ndikangoyatsa, ndisanagwire n'komwe kanthu, imayamba kulira kuti fuuu ngati injini ya boti, n'kutentha kunsi kwake moti simungaiike pamiyendo. Batire lomwe linkakhala maola atatu pano silikwanitsa ola. Kuti tsamba la mawerengero litseguke ndimachita kukatereka kaye tiyi. Bandulo nayo ndikangolumikiza ku foni imatha ngati ndatungira madzi m'dengu.

Chomwe chikundisowetsa tulo ndi ichi. Masiku apitawa amuna anga anandifunsa pa foni chifukwa chomwe ndinabwereketsera ndalama mchimwene wanga wa ku Mpamba osawauza. Nkhaniyi sindinauze munthu, ndinangoilemba mu laputopumo ndi kukambirana ndi mchimweneyo pa WhatsApp. Mnzanga wina akuti mlamu anaikamo chozondera kuti mkulu wake aziona zonse zimene ndikuchita, n'chifukwa chake ikulira yokha. Nditamufunsa mlamuyo anakwiya kwambiri, ndipo apongozi akuti munthu wopanda chobisa saopa kuonedwa. Pano sitikulankhulana.

Mnyamata wina wokonza mafoni akuti ndipite nayo angofufuta zonse ayambirenso. Koma m'menemo muli mawerengero a chaka chonse ndipo tikugawana ndalama mu Disembala. Kodi n'zoona akundizonda? Ndifufutitse? Kapena ndingoibweza kwa eni ake? Ndithandizeni, mutu waima.

EM, Kande, Nkhata Bay

Mwana wanga EM,

Pepani ndi zomwe zikukuchitikiranizi. Kalata yanu ndaiwerenga kawiri ndipo ndapezamo odwala awiri, laputopu ndi banja. Tiyambe ndi laputopu chifukwa ndiye ili ndi poyezera. Zotsatira zake zitithandiza pa wodwala wachiwiriyo.

Zaka zonse zomwe ndinagwira ntchito m'zipatala za m'mbali mwa nyanja muno zinandiphunzitsa kuti kutentha thupi si matenda, ndi chizindikiro chabe. Kale mwana akangobwera thupi lili moto tinkangoti malungo, n'kumupatsa kolokwini. Mu 1993 dziko lathu linasiya kolokwini n'kuyamba Fansidar, mu 2007 kunabwera LA, koma chizolowezi chongoganizira chija sichinathe msanga. Chinadzachepa pomwe tizipangizo toyezera magazi a pachala pompopompo tinafika m'zipatala cha mu 2011. Pamenepo tinaona ndi maso athu kuti si mwana aliyense wotentha thupi ali ndi malungo. Wina chimakhala chibayo, wina khutu, wina za m'mimba. Tsono inu laputopu yatentha, mnzanu watchula kale dzina la matenda, mnyamata uja wanola kale mpeni wa opaleshoni, koma palibe ndi mmodzi yemwe wayeza.

Musanayeze, pulumutsani kaye za anthu. Lero lomwe gulani fulashi yatsopano, yomwe sinalowepo m'makompyuta a ena, mukopereremo mawerengero a gulu, a geni ndi zithunzi za ana. Mukopere mafayilo anu okha, magemu ndi mapulogalamu a ku Mzuzu aja asiyeni momwemo. Mawerengero a gulu mukawasindikizenso papepala ku Chintheche, kope limodzi mupatse wapampando. Ndalama za amayi 22 mbiri yake siyenera kugona m'makina amodzi, odwalanso.

Tsopano kuyeza kwake. M'kati mwa laputopu muli kachipangizo kotchedwa CPU, komwe ndi ubongo wake. Kakamagwira ntchito yambiri kamatentha, ndipo fani imathamanga kuti ikaziziritse. Kulira mukumvako ndi faniyo. Choncho laputopu ikamalira inu musanagwire kanthu, ndiye kuti pali pulogalamu ina imene ikugwira ntchito kuseri, yosaonekera pa sikirini. Mapulogalamu ogwira ntchito kuseri amakhalamo ambirimbiri m'kompyuta iliyonse, ndipo ochuluka ndi abwino, monga mtima ndi impso zimagwira ntchito inu muli mtulo. Funso ndi loti ndi iti ikudya mphamvu zonsezo.

Yatsani laputopu, musatsegule china chilichonse, muisiye mphindi khumi. Kenaka dinani pamodzi mabatani atatu awa: Ctrl, Shift ndi Esc. Patuluka tsamba lotchedwa Task Manager. Likatuluka laling'ono, dinani pomwe palembedwa More details. Muona mndandanda wa mayina, ndipo pamwamba pali mawu oti CPU, Memory, Disk ndi Network. Dinani pa CPU kuti yodya kwambiri ibwere pamwamba. Laputopu yongokhala, yosagwiritsidwa ntchito, nthawi zambiri imaonetsa maperesenti osafika 10. Mukaona 60, 80 kapena 100 osatsika, wodwala wathu tamupeza. Lembani dzina lakelo m'kope monga lalembedwera, chilembo ndi chilembo, ndi nambala yake. Muchite zimenezi m'mawa, masana ndi madzulo kwa masiku awiri, monga tinkalembera tchati cha wodwala kumiyendo kwa bedi. Kuyeza kamodzi kumanamiza.

Mayina ena mukawaona mtima ukhale m'malo. Antimalware Service Executable ndi mlonda wa Windows, amakhala akufufuza tizirombo, ndipo pamene mwaikidwa mafilimu ndi magemu ambiri ntchito imamuchulukira. Windows Modules Installer Worker ndi mmisiri woika zigamba zatsopano zimene kampani ya Microsoft imatumiza, makamaka Lachiwiri lachiwiri la mwezi uliwonse. Laputopu yomwe yakhala nthawi osalumikizidwa ku intaneti imafuna kumeza zigamba zonse zotsalira nthawi imodzi, ndiye imatentha, bandulo n'kutha. Microsoft Windows Search Indexer ndi kalaliki wolemba mndandanda wa mafayilo atsopano. Atatuwa amatopetsa, koma amamaliza. Ilumikizeni ku magetsi, muisiye maola angapo, muizimitse ndi kuyatsanso, muona yatsika yokha. Mukalowa pa tsamba la Details n'kuona System Idle Process ili pa 90 musadzidzimuke. Imeneyo imasonyeza mphamvu zimene zikungokhala, ndiye ikakwera n'chabwino.

Nthawi zina wolakwa amakhala Chrome kapena Edge, masamba a intaneti atatsegulidwa khumi ndi ana oonera mpira ndi mafilimu. Tsekani masambawo muone ngati nambala itsike.

Pa Task Manager pomwepo pali batani lolembedwa End task, loimitsira pulogalamu. Musalithamangire. Ineyo ndinapsa nalo. Nditapuma ntchito mwana wanga anandigulira laputopu, ndipo ndinkalembamo za msonkhano wa amayi a mvano kwathu kuno. Tsiku lina inayamba kulira ngati yanuyi. Mdzukulu wanga anali atandionetsapo Task Manager, ndiye ndinadzimva udokotala, n'kuyamba kuimitsa chilichonse chomwe dzina lake silinandisangalatse. Chachinayi ndisanafike, sikirini inasanduka yabuluu, makina n'kuzima, malipoti a miyezi itatu omwe ndinali ndisanasunge n'kupita. Akulu anati khoswe akakhala pamkhate sapheka. Mayina ena oopsa pomva, monga svchost, ndi mitsempha ya Windows yeniyeniyo. Mukaidula, mwaswa mkhate.

Mdzukuluyo atabwera pa holide anandionetsa mmene amadziwira mlendo ndi mwini nyumba. Dinani dzinalo ndi batani la kumanja, musankhe Open file location. Likakutengerani ku foda ya Windows, m'kati mwa System32, kawirikawiri ndi mwini nyumba. Likakutengerani ku AppData kapena Temp, chonsecho dzina lake likufanana ndi la za Windows koma chilembo chimodzi chasinthidwa, kapena ndi zilembo zongosakanikira zosawerengeka, pamenepo kayikirani. Pomwepo palinso Search online, yokufufuzirani dzinalo pa intaneti. Yanga inapezeka kuti inali ndi kachirombo komwe kanabwera ndi pulogalamu yolembera imene malo ena anandiikira motchipa.

Pakuti mwati vuto linayamba itachokera koikidwa magemu, ine ndikukayikira zomwezo. Mapulogalamu ndi magemu ambiri omwe amaikidwa mwaulere kapena pamtengo wa sopo amakhala obedwa, othyoledwa loko. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mbava zimabisamo tizirombo tokumba ndalama za pa intaneti zija, monga Monero. Ndalama zimenezi zimapezeka pochititsa kompyuta masamu ovuta usana ndi usiku, ndipo zimadya magetsi koopsa. Ndiye m'malo mogula makompyuta awo, akubawo amagwiritsa ntchito anu. Zili ngati munthu wotenga boti lanu usiku inu mutagona, kukaphera usipa ndi mafuta anu, m'bandakucha n'kulibweza pagombe. Inu mumangopeza injini ili moto, thanki ili gwa, nsomba osaiona. Mu 2021 kampani ya Avast, yopanga zotetezera makompyuta, inaulula za kachirombo kotere kotchedwa Crackonosh, kobisika m'magemu obedwa, komwe kanalowa m'makompyuta oposa 200,000 padziko lapansi. Kakalowa kankayamba ndi kupha mlonda wa Windows uja kuti asakaone.

Tizirombo tina tamtunduwu n'tochenjera. Mukangotsegula Task Manager timaima, fani n'kukhala chete, mukatseka timayambiranso. Mukaona zotere, chimenecho pachokha ndi chizindikiro, monga mwana wodwala amene amati wachira akangoona jakisoni. Chizindikiro china ndi Windows Security kukana kutseguka kapena kupezeka itazimitsidwa inu musanaizimitse.

Mankhwala ake ayambe motere. Tsegulani Windows Security, mupite pa Virus & threat protection, kenaka Scan options, musankhe Microsoft Defender Offline scan. Laputopu izima yokha n'kudzifufuza Windows isanadzuke, nthawi yomwe kachirombo sikanayambe kubisala. Zimatenga pafupifupi mphindi 15, ndipo ikhale pa chaja. Ikamaliza pitani pa Settings, pa Apps, muone mapulogalamu onse potsata tsiku lomwe anaikidwa. Zonse za tsiku la ku Mzuzu lija zomwe simukuzigwiritsa ntchito zichotseni, ana alire tsiku limodzi basi. Pa Task Manager palinso Startup, mndandanda wa zomwe zimadzuka zokha mukayatsa. Zosafunika monga za magemu zipatseni Disable. Mukatero yezaninso masiku awiri.

Za bandulo zili ndi poonera pake. Pa Settings, pa Network & Internet, pali Data usage, pomwe pamaonetsa pulogalamu iliyonse ndi intaneti yomwe yadya m'masiku 30 apitawa. Wakuba bandulo mumuona ndi dzina. Ndipo pa dzina la netiweki ya foni yanu yatsani Metered connection, kuti Windows idziwe kuti intaneti yanu ndi yogula pang'onopang'ono, isamangomeza.

Zikhozanso kutheka kuti nambala ya CPU ili pansi koma laputopu ikutenthabe. Apo ndiye kuti vuto si pulogalamu, ndi mpweya. Kunyanja kuno Okutobala ndi Novembala kumatentha, mchenga ndi fumbi sizisowa, ndipo nkhungu zikatuluka m'nyanja zimalowa paliponse pali kuwala. Zonsezi zimatseka timabowo totulutsira mpweya. Musamaiike pa matiresi, pa pilo kapena pa chitenje. Ikhale pa tebulo, kumbuyo kwake mutakweza pang'ono ndi kathabwa. Wodziwa aitsegule apukute fani, inu muli pomwepo.

Kufufuta zonse ndi opaleshoni, ndipo imachitika zina zonse zikakanika, monga ngati mlonda uja waphedwa ndipo sakudzukanso. Zikafika apo fulashi yanu ija ikhale kale m'thumba, mupite kwa munthu wodziwika, ndipo muumirire Windows yeniyeni, osati yothyola loko, chifukwa mungabwere ndi matenda omwewo kachiwiri. Mumufunsenso ngati laputopuyo ingalandire Windows 11, pakuti Microsoft inathetsa chisamaliro cha nthawi zonse cha Windows 10 pa 14 Okutobala 2025. Mukatero musinthe mapasiwedi anu onse, kuyambira ya imelo.

Tsopano funso lomwe likukudyani: kodi akukuzondani? Zozondera zilipo, sindikunamizani. Koma zimapangidwa kuti zikhale zii, mwini asadziwe. Wozonda sabwera akuimba ng'oma. Kulira kwa fani si umboni woti mlamu wanu anachita zimenezo. Pa mndandanda wa Apps uja yang'anani mayina ngati AnyDesk kapena TeamViewer, mapulogalamu olola munthu wakutali kuona sikirini yanu. Amisiri amawaika pa ntchito zabwino, koma ngati inu simunapemphe, achotseni. Pa foni yanu tsegulani WhatsApp, mupite pa Linked devices. Mukapezapo chipangizo chomwe simukuchidziwa, chitulutseni. Ndipo dziwani kuti lamulo lathu la mu 2016, la Electronic Transactions and Cyber Security Act, limati kulowa m'kompyuta ya munthu ndi kutenga uthenga wake popanda chilolezo ndi mlandu. Mawu a apongozi oti wopanda chobisa saopa kuonedwa ine sindigwirizana nawo. Tonse timatseka chitseko posamba, si kuti taba kanthu. Komanso m'menemo muli zinsinsi za amayi 21 ena, ngongole zawo ndi mavuto awo, omwe anakhulupirira inu, osati banja la amuna anu.

Komabe ndikufunseni, mwana wanga. Laputopuyo ili ndi pasiwedi? Ngati ilibe, mwana, mlamu kapena mlendo aliyense akhoza kutsegula tsamba lanu n'kuwerenga popanda chozondera chilichonse. Ikani pasiwedi lero, ana muwatsegulire akaunti yawo. Chinanso, mwati simunauze munthu, koma ndalamazo analandira ndi munthu. Mchimwene wanu ali ndi pakamwa, akazi ake ali ndi anzawo, ndipo Mpamba ndi Kande n'zolumikizana ndi maminibasi tsiku lililonse. Ife a ku Nkhata Bay tinayamba kalekale kupita ku Joni ndi ku Harare, agogo athu akutumiza makalata ndi masutikesi, ndipo nkhani za kumudzi zinkafika kumigodi kulibe foni ndi imodzi yomwe. Lero mudzi uliwonse uli ndi ana ake ku Joni, ndi magulu a WhatsApp pamwamba. Nkhani imafika kumeneko basi isanadutse pa Dwangwa.

Ndinenenso chowawa. Ngati ndalama munabwereketsazo ndi zomwe bambo amatumiza, anayenera kumva kwa inu, osati kwa anthu. Ngati ndi za geni yanu, munali ndi ufulu, komabe kubisa ndi kumene kwapatsa mpata amiseche. Ngati ndi za gulu, zibwerere Disembala asanafike, ndipo apo sindikunyengererani. Zaka zisanu mutatalikirana n'zambiri. Mwamuna ali kutali amamva zambiri, mkazi ali kumudzi amakayikira zambiri, ndipo kanthu kakang'ono ngati fani yolira kamasanduka mlandu wa pabwalo. Aimbireni bambowo nthawi yomwe aweruka, muwauze za ngongoleyo ndi pakamwa panu, kenaka muwafunse mwaulemu koma mosazungulira kuti anamva kwa ndani.

Za mlamu, dikirani zotsatira. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mukapeza kuti ndi zigamba za Windows, fumbi kapena kachirombo ka m'magemu, ndiye kuti mnyamatayo analakwa posadziwa, pofuna kusangalatsa ana a mkulu wake. Mupite mukapepese, mutatenga kambale ka usipa, apongozi ali pomwepo. Kupepesa sikuchotsa munthu ulemu. Koma mukapezadi chozondera, musachifufute msanga ndipo musakalalate. Jambulani sikirini ndi foni, mulembe tsiku, muitane ankhoswe a mbali zonse ziwiri, nkhani ikambidwe umboni uli patebulo. Ikakanika kumeneko, kupolisi kuli ofesi yothandiza ozunzidwa m'mabanja.

Laputopuyo musaibweze. Inatumizidwa kwa inu, ndipo ikudyetsa ana. Mundilemberenso mundiuze dzina lomwe mwalipeza pamwamba pa mndandanda uja, ndi mmene zathera ndi apongozi.

Ndine mayi wanu,
Anesi, Chintheche